Khomo la Kum'mawa

Lolemba, 27 Okutobala

Malomo, ku Ntchisi. Ndafika ndi minibasi ya 2 koloko, fumbi mpaka m'makutu. Chipinda ndapeza ku resitihausi ya kuseri kwa chigayo. Chigayocho sichipuma. Madzi a m'ndowa. Magetsi akuti amabwera akafuna okha.

Lachisanu lole ikubwera ndi nyumba yanga yoyamba. Ndikulemba kuti "yanga" poti m'buku lino mulibe wonditsutsa. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala nayo mu laputopu. Nyumba ya aphunzitsi: zipinda zogona ziwiri, balaza, khitchini, bafa. Si chojambula wamba ayi, ndi modelo, manambala ake onse ndi ogwirana. Ukasintha m'litali, denga limadzisintha lokha, malata amadziwerenga okha, chitsulo chilichonse chimadziwa pofupika ndi potalika. Kenako makina a ku fakitale yathu ku Lilongwe amadula ndi kuboola monga modelo yanenera. Zipupa 22, zopangiratu, zobooleratu. Pamalo pake n'kungoziimika pa mabawuti ndi kumanga manati. Masiku atatu, nyumba yaima.

Bola mabawutiwo akhale pamene ndinawaika ine. Alipo 44, omizidwa mu silabu ya simenti. Ndipo silabuyo athira ndi abambo anga.

Ndine ndinachonderera kuti ntchitoyi apatsidwe iwo. A Obed, abwana athu, eni kampani, sakonda zachibale pantchito. Anandiyang'ana nthawi yaitali tsiku limenelo. "Mamilimita asanu, Lidia. Akaphonya kuposa pamenepo, masilabu asanu otsalawo ndipatsa wina, ndipo usadzabwere kudzandilirira kuti ndi bambo ako." Ndinavomera asanamalize n'komwe.

Zaka 36 akumanga abambo angawo, a Andireya a ku Chezi. Theka la nyumba za ku parishi ndi manja awo. Koma masiku ano anthu akufuna amisiri okhala ndi mapepala a ku koleji, ndipo chaka chino chonse abambo angomanga zimbudzi ziwiri ndi chiliza chimodzi. Amadzuka m'mawa, kutsuka zida zoyera kale, n'kuzibwezera m'thumba. Nyumba zisanu ndi imodzi za pasukulu ya kuphiriyi zikhoza kuwabwezera dzina. Za mamilimita asanuzo sindinawauze. Ndikanayambira pati?

Ndawaimbira. Netiweki ya kuphiriko ndi ya mwayi. Ndangomva kuti, "Ubwere udzaone wekha, mayi." Amanditcha mayi akakhala okondwa.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Kabaza wa njinga yamoto, mphindi 40, miyala yokhayokha. Msana ukuwawa mpaka pano. Sukulu ili pamsana pa phiri. Kum'mawa kuli phiri lina lalitali kuposa pamenepo, kumadzulo chigwa chotambalala, minda yogaula kale ikudikira mvula.

Silabu yosalala ngati tebulo. Abambo ataima pambali, manja kumbuyo, chipewa chawo cha Lamulungu kumutu. Ahedi, akomiti ya sukulu, ana a sitandade 8 amene anathawa masamu, onse pomwepo kudzaona mwana wamkazi akuyeza ntchito ya bambo ake.

Ndatulutsa tepi. M'litali 9.600. M'lifupi 6.000. Kuchokera pangodya kufika pangodya ya kutsidya 11.321, mbali inayo 11.322. Milimita imodzi. Ndi chingwe, zikhomo ndi kapaipi ka madzi basi. Ku ofesi kuli anyamata a makina oyezera amene sanafikepo pamenepa. Ndinafuna kuwakumbatira pagulu, ndinadzigwira.

Ndiye ndayamba kuyendera mabawuti, pulani ili m'manja. Mbali ya kumpoto, ndendende. Mbali ya kum'mawa, pamene payenera kukhala mpata wa khomo, pali mabawuti awiri. Ndinayesa kuti ndagwira pepala chozondoka. Ndinalitembenuza. Ndinalitembenuzanso. Ayi. Mpata wa khomo uli kumadzulo. Sitepe ya pakhomo athira kumadzulo. Mizere ya zipupa za m'kati yonse yaoloka nawo, mwaukhondo, osaphonya ngakhale pamodzi. Si ngozi imeneyi. Munthu wachita kukhala pansi ndi pensulo.

Akanatembenuza nyumba yonse, kumpoto kukhale kum'mwera, sipakanakhala mlandu, zipupa zikanalowa. Koma bafa alisiya kum'mwera monga pa pulani, khomo ndi zipinda ndizo aziolotsa. Pa lole padzabwera nsapato ya kumanja, ndipo pano pali phazi la kumanzere.

Za khomozo sindinazitchule. Pagulu ngati lija? Abambo anafunsa ngati tepi yanga yakhuta. Ndinati yakhuta. Anthu anaomba m'manja. Ndinatsika phiri.

Tchipisi cha pachiwaya chandikanika kumeza, ndapatsa mayi wosesa.

Lachitatu, 29 Okutobala

Ndalawirira kuti abambo ndiwapeze ali okha. Ndawapeza akuthirira silabu ndi kheni kuti isang'aluke ndi dzuwa, akuimba za mu kwaya chapansipansi.

Ndinawaonetsa pulani, chala pakhomo. Sanadabwe n'komwe. Anati anaona, ndipo anakonza. Anakonza! Akuti khomo la papepala linayang'ana kum'mawa, pamene paphiri pano palibe munthu wa mutu wake amene amatsegulira khomo kum'mawa. Mvula imachokera kumeneko, imabwera chopingasa ndi mphepo, ndipo madzi a phiri lalikulu lija amatsikira mbali yomweyo. Bafa analisiya kumunsi kuti madzi oipa azitsika okha, asalowere ku mjigo. Anafotokoza modekha, monga amafotokozera eni nyumba, kwinaku akudikira kuyamikiridwa.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiimbire. Anaseka. Akuti kuyambira liti mmisiri n'kupempha chilolezo chosuntha khomo? Pepala limapereka zipinda ndi miyeso. Khomo amaika ndi amene waima pamalopo, wamva mphepo, waona poyenda madzi. Ansembe atatu, ahedi osawerengeka, onse anawasunthirapo makomo, palibe anadandaula, ena mpaka anabwera kudzathokoza m'Febuluwale. Ndi njerwa n'zoona ndithu. Njerwa umaika pamene wafuna, ikakana umaidula, matope n'kubisa.

Pamenepo ndinapsa mtima. Ndinati zipupa zadulidwa kale, zabooledwa kale, zili ndi kunja ndi m'kati, sungazitembenuze ngati chitenje. Ndinati chitsulo sichimva zonyengerera. Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa panga pakayamba sipaona polekera, ndinawonjeza kuti izi si nyumba zanu za matope zija.

Nyumba za matope zija ndi zimene zinandifikitsa ku koleji. Levulo yawo, choyezera kuongoka kwa chipupa, ndinayamba kuinyamula ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ngodya yoongoka ndinaiphunzira kwa iwo ndisanaione m'buku.

Anaika kheni pansi bwinobwino. "Pepani, a injiniya. Ife tinazolowera kumangira anthu, osati makina."

Chibadwire sananditchulepo choncho. Ndachita manyazi, komabe mkwiyo sunathe. Ziwiri zonsezi zili m'chifuwa chimodzi.

Lachinayi, 30 Okutobala

Magetsi abwera m'mawa. Laputopu. Mu modelo muli kabokosi kolembedwa kuti mbali ya khomo. Ndinakaikamo ndekha mu Epulo, ndipo ndinakanyadira kwa sabata yathunthu. Ndasintha: kum'mawa, kumadzulo. Nyumba yatembenuka ndi masekondi anayi. Ndachita kuwerenga. Anayi. Mndandanda watuluka wokha: zipupa 9 sizisintha, 13 n'zofunika kudula zatsopano.

Ndaika pulani yotembenuzidwayo pamwamba pa miyeso ya dzana. Mabawuti onse 44 a abambo akugwera m'mabowo ake, palibe lophonya. Munthu wolekeza sitandade 6 wachita ndi pensulo kuseri kwa thumba la simenti chimene ine ndinamangira kabokosi. Ndaseka ndekha m'chipinda ngati wamisala, kenako kuseka kunatha.

Ndaimbira Promise, amene amayendetsa makina odulira. Zipupa zili kale pa lole, zomangidwa zingwe. Koma lole ili pamzere wa dizilo, ndiye za mawa zakanika, ibwera Lolemba. Ndathokoza Mulungu chifukwa cha kusowa kwa mafuta, andikhululukire. Ndinamufunsa mozemba: nanga wina atafuna kudulanso zipupa 13? Akuti zitsulo zimene zilipo ndi za nyumba zisanu zotsalazo basi, zoitanitsa zimatenga miyezi itatu, ndipo abwana akhoza kudula munthuyo m'malo mwa zitsulo. Anafunsa ngati kwagwa zinazake. Ndinati ndimangofunsa. Promise si mwana, anangoti "chabwino" wautali.

Njira ina ilipo. Kudula mabawuti a abambo, kuboola silabu, kuika ena monga pa pulani. Masiku awiri. Nyumba n'kuima, khomo kum'mawa, lipoti n'kunena kuti mmisiri anaphonya. Abwana akhoza kusankha imeneyi ndisanamalize kufotokoza.

Masana kuphiri. Abambo anandipatsa moni wa alendo, ndi manja awiri. Aphunzitsi a Magdalena, amene adzalowe m'nyumbayi, anandiitanira ku chipinda chosungiramo mabuku. Akugona mmenemo ndi ana awo awiri chiyambire Januwale. Chipindacho anamanga ndi kontirakitala wa mtawuni, khomo kum'mawa. Chitseko chadyeka m'munsi, dzanja limalowa. Pachipupa pali mzere wakuda wofika m'bondo. Akuti mvula ikalimba amakweza mabuku ndi ana pa madesiki, iwo n'kumakapa madzi ndi beseni. Atamva kuti a Andireya aika khomo kumadzulo anawapatsa tambala. Sakudziwa kuti pali vuto. Ine n'kumamwetulira, n'kumavomera.

Potuluka ndinaima pabwalo la mpira ndi kuyang'ana mudzi wonse. Nyumba za udzu, za malata, tchalitchi, kagolosale, ngakhale makola a mbuzi. Zonse zafulatira kum'mawa. Mphindi imodzi inali yokwanira kuziona.

Ndikanabwera ndisanajambule.

Ndilembe, poti bukuli silipita kwina. Modelo ili ndi lamulo lakuti khomo liyang'ane kumsewu. Msewu ndinauona pa chithunzi cha m'mwamba cha pa intaneti, uli kum'mawa, modelo n'kumvera. Ndipo pa fomu ya kampani pali mzere wonena kuti wojambula wafika pamalo ndi kuona mphepo, madzi ndi kutsetsereka kwa nthaka. Ndinachonga. Ndinasaina. Munali mu Meyi, galimoto ya kampani inali ku garaja, abwana amafuna mapulani sabata yomweyo, ndipo ndinati ine mwana wa ku Chezi, mapiri a ku Ntchisi angandiuze chiyani chachilendo. Phazi langa laponda pasukulu pano koyamba dzana.

Abwana aimba 5 koloko. Silabu ili bwanji? Ndinati pangodya pasiyana milimita imodzi. Anasangalala, anati ndiwapatse moni akuluakuluwo. Sindinaname, koma sindinanene zonse.

Lachisanu, 31 Okutobala

Malipoti awiri mu laputopu, ndawaikanso mu foni.

Loyamba ndi la mizere itatu. Mmisiri sanatsate pulani, sanadziwitse ofesi, ndikupempha kuti mabawuti aikidwenso. Liwu lililonse ndi loona. Ndikalitumiza ine ndayera. Abambo atsika phiri ndi thumba lawo la zida, ndipo ku Chezi konse amva kuti a Andireya anachotsedwa ntchito ndi mwana wawo yemwe. Kumeneko nkhani sichedwa. Palibenso angadzawaitane, ngakhale kudzamanga chimbudzi.

Lipoti lachiwiri ndi lalitali, likunena zonse, ndipo fomu ija ili m'kati. A Obed ndi mkulu wa mpingo. Wophonya miyeso amamukalipira mpaka mawindo kunjenjemera, mawa lake n'kumugulira fanta. Wonama pa siginecha amamuonetsa geti mwakachetechete. Ndinaona ndi maso anga chaka chatha.

Sindinatumize lililonse.

Dzuwa litapendeka ndinakwera kukapepesa za matope zija. Abambo ndinawapeza kwa wapampando wa komiti kumene akugona, akutsuka zida pamwala. Ndinapepesa. Anangogwedeza mutu. Kukhala chete kwawoko ndi kumene kunanditsegula pakamwa. Ndinanena zonse: za mamilimita asanu, za masilabu asanu otsala, za zipupa 13, za fomu. Ndimafuna andikalipire, ndipepukidwe. Sanatero.

Anafunsa mafunso awiri okha. Abwana akapeza khomo kumadzulo adzafunsa chifukwa chake? Ndinati adzafunsa. Ndipo iwo akafotokoza za mvula, abwana adzafunsa chifukwa chimene ine sindinaionere mvulayo pamene ndinasaina kuti ndinafika? Ndinati eya. Anapukuta levulo ndi malaya awo nthawi yaitali, youma kale. Kenako anati nditsike kusanade, kabaza angandithawe.

Mitambo yakuda kum'mawa. Mvula sinagwe.

Loweruka, 1 Novembala

Sindinakwere. Mutu. Ndachapa malaya awiri amene sanade. Lipoti loyamba ndalitsegula kasanu. Ndasintha "sanatsate" kukhala "sanamvetse", ndabwezeranso. Kufewetsa mawu sikusintha chimene lidzachite.

Uthenga wa Luckness, mng'ono wanga. Mawa ndi tsiku lopempherera akufa, Misa ku Chezi, kenako kumanda kwa amayi. Abambo afika nthawi yanji? Ndati sindikudziwa. Zaka zisanu ndi zinayi sanaphonyepo tsiku limeneli. Pamanda amalambula okha, khasu salola kuti wina aligwire.

Chigayo, chigayo, chigayo.

Lamulungu, 2 Novembala

Luckness waimba 7 koloko. Abambo sanafike dzulo, foni yawo ndi yozima. Ndinadziwa ndisanadule foniyo. Ndinali nditavala kale za ku tchalitchi, ndinakwera kabaza choncho.

Phokoso ndinalimva tisanafike pasukulu. Chitsulo pa simenti, kho, kho, kho. Sukulu ili zii, anthu onse kutchalitchi. Abambo atagwada pa silabu, hamala ndi tchizulo m'manja. Mabawuti atatu atazula kale, atawandandalika pambali. Pulani yanga yopanikizidwa ndi miyala inayi, ndipo pa silabu mizere yatsopano ya choko: khomo kum'mawa, monga ndinajambulira ine. Ayamba dzulo m'mawa. Simenti yawo yomwe, yosakaniza bwino, ikukana kusweka. Chala chachikulu cha kumanzere chomangidwa kansalu, kansaluko kofiira.

Ndinati asiye. Sanadzutse mutu. Anati mawa abwana apeze khomo lili pamene pepala lanena, mabowo okonzeka, ndipo iwo adzanena kuti anawerenga pulani molakwika, maso akalamba. Za mvula palibe adzatchule. Fomu igone m'fayilo mwakemo. Ndinati ndi tchizulo simungamalize ngakhale Lachitatu. Anati abwana akaona kuti ayamba, adzamvetsa kuti avomera kulakwa, ndipo zimenezo n'zokwanira.

Ndinafunsa za aphunzitsi a Magdalena ndi ana awo. Hamala inaima. Anati adzawakumbira ngalande ndi kuwamangira kachipupa kotchinga abwana akapita, tambala wawo adzabweza. Ndinati ngalande siletsa mvula yopingasa, ndinu munandiphunzitsa Lachitatu. Anati nyumba zisanu zinazo ndidzazitembenuze mwakachetechete ndi kabokosi kanga, kaya masilabuwo adzathira ndani. Anali ataganiza zonse, monga amachitira nthawi zonse, osafunsa munthu.

"Dzina langa lagwira kale ntchito yake, mayi. Lako langoyamba kumene."

Ndinagwira hamala. Anakoka, ndinakoka. Ali ndi mphamvu munthu wamkuluyu. Ndiye ndinachita zachibwana. Ndinakhala pansi pa silabu ndi diresi langa loyera, bawuti lachinayi lili pakati pa mapazi anga, ndi kunena kuti akafuna limeneli ayambe agoba ine. Tinakhala choncho, iwo atagwada, ine nditakhala, kwaya ikumveka kumunsi. Ndinalira. Iwo ayi.

Ndinaganiza za chaka chamawa, tsiku ngati lomweli, nditaima nawo pamanda a amayi ndili ndi ntchito yanga, iwo akutsuka zida zoyera kale. Sindikanatha kuwayang'ana.

Pasukulu pano netiweki imagwira malo amodzi, pafupi ndi mtengo wa mbendera. Ndinadzuka, hamala ndinanyamula. Anandikuwira kuti ndisachite zopusa, anandiitana dzina langa lenileni kawiri. Lipoti lachiwiri, 10:42, lapita.

Sanandilankhule tsiku lonse. Koma mabawuti atatu aja anawabwezera pamalo pake ndi simenti yatsopano, ine nditagwira tepi. Kumanda sitinapite. Luckness walambula yekha, ndipo wakwiya ndi tonse awiri.

Abwana awerenga 11:05. Sanayankhe.

Lolemba, 3 Novembala

Lole 11 koloko, abwana patsogolo ndi galimoto yawo. Moni sanandipatse. Anatenga tepi m'manja mwanga, anayeza okha ngodya zonse ndi mabawuti khumi. Anaona zigamba zitatu za simenti yaiwisi, anaona chala cha abambo, sanafunse. Anapita kukaona chitseko cha aphunzitsi a Magdalena, analowetsa dzanja pamene padyeka paja. Kenako anaima pabwalo la mpira ndi kuyang'ana makomo a m'mudzi. Ine kumbuyo kwawo ngati mbuzi yopita kumsika.

Abambo anayesabe. Chipewa m'manja, anati cholakwa ndi chawo, mwanayu ndi wachichepere, akhululukidwe. Abwana anawadula mwaulemu. Anati kusuntha khomo osadziwitsa ofesi ndi mlandu, ndipo zikadzachitikanso adzasiyana tsiku lomwelo. Koma silabu yotere sanaionepo. Masilabu asanu otsalawo athira ndi abambo, ndipo pulani sidzasainidwa iwo asanaime pamalo ndi kuiona.

Ndinapuma. Sindinadziwe kuti kuyambira Lachiwiri ndimapuma mwatheka.

Zipupa zibwerera ku Lilongwe. Zija 13 zidulidwanso pa zitsulo za nyumba yomaliza, ndipo nyumba imeneyo idikira chaka chamawa. Pali mphunzitsi wina amene agonabe m'kalasi dzinja lonseli chifukwa cha kuchonga kwanga kumodzi. Dzina lake sindikulidziwa, ndipo ndinaopa kufunsa.

Kwa ine mawu ochepa, kuseri kwa lole. "Khomo ndikanakuphunzitsa, Lidia. Siginecha sindingakuphunzitse." Nditembenuze modelo, nditumize mafayilo kwa Promise lero, laputopu ndikapereke ku ofesi Lachisanu. Ndinati zikomo. Sindikudziwa chimene ndimathokoza.

Lole inatembenukira pabwalo la mpira, ana akuithamangira. Nyumba yanga yoyamba yafika pamalo pake, yakhala maola awiri, yabwerera osatsitsidwa. Aphunzitsi a Magdalena anauzidwa kuti adikire masabata ena awiri. Anati adikira miyezi khumi, masabata awiri si kanthu, bola khomo likhale pomwepo.

Mvula inayamba cha m'ma 3. Yochokera kum'mawa, yopingasa. Ine ndi abambo tinabisala pakhonde limodzi, aliyense akuyang'ana kwake.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndakwera kudzatenga tepi yanga imene abwana anasiya pa silabu. Bodza. Ndakwera chifukwa kwina kopita kulibe, ndipo chigayo chija chandikwana.

Kuyambira Lamulungu abambo sanandiuze kanthu kupatula "gwira apa". Akwiya kuti ndataya ntchito chifukwa cha iwo. Ine ndakwiya kuti amafuna kutaya yawo chifukwa cha ine. Ndawapeza pakhonde la kalasi, akudikira kuti mvula ikate. Ndakhala patali pang'ono. Patapita nthawi, osandiyang'ana, afunsa ngati chinthu chija chili m'chikwama. Akufuna aone m'mene nyumba imatembenukira.

Batire 14%. Ndatsegula. Kum'mawa, kumadzulo. Nyumba yaoloka, mabawuti 44 adumphira malo awo. Ati ndibwereze. Ndabwereza kanayi. Ayandikitsa nkhope mpaka chipewa kugunda galasi. Afunsa ngati n'zoona kuti malata amadziwerenga okha. Ndatalikitsa nyumba ndi mita imodzi, nambala ya malata n'kusintha. Awerengera ndi zala, milomo ikuyenda, kuti aipeze bodza. Sanaipeze. Apukusa mutu, ati ndiye masiku onse aja ndimakhala pa kompyuta sindimasewera ayi.

Kenako chala chomangidwa chija chatera pagalasi, pa khitchini. Zenera ili. Laling'ono, ndipo lili mbali yolakwika. Munthu wophika pa mbaula m'Januwale, chitseko chotseka, utsi wonse udzamubwerera m'maso. Ndati mafayilo ndinatumiza kale dzulo, ndipo Lachisanu sindidzakhalanso wa kampaniyi.

"Lero ndi Lachiwiri, mayi."

Ndati nthawi ino tiimbe kaye ku ofesi. Ati chabwino, koma ndithamange. Ndathamangira pa mtengo wa mbendera. Promise akuti makina ayamba kudula 2 koloko. Abwana amvetsera osadula, afunsa kuti wanena zimenezi ndani, ndawauza. Afunsa ngati ndaima pamalopo ndekha. Ndati ayi, sindinaimepo. Ati ndikaimepo, kenako ndiwaimbirenso.

Pano ndi 12:20. Batire 9%. Ndikulemba izi chiimirire pakhonde. Abambo ali kale pa silabu, mvula ili pamsana, chipewa chonyowa, aima pamene padzakhale mbaula ndipo akundikodola ndi tepi yanga kuti ndibwere ndidzamve ndekha kumene mphepo ikuchokera